Asilikali a Chiroma a makatoni

Lachisanu Loyera likamayandikira, ntchito yoveka asilikali a Chiroma a m'sewero la Njira ya Mtanda kutchalitchi kwathu kuno kwa Ndamera imagwera ine. Ndalama? Iwalani. Zida zanga ndi makatoni opempha kugolosale, lumo ndi phala la ufa wa chinangwa m'malo mwa guluu.

Chaka chatha ndidaononga makatoni atatu. Ndidadula chisoti mongoyerekeza, mutu wa mnyamatayo n'kukana kulowa, mwini golosale naye n'kuti makatoni atha.

Nzeru ndidakaitola pa YouTube. Anzathu okonda kuvala ngati ankhondo a m'mafilimu ali ndi pulogalamu ya ku Japan, Pepakura Designer, yomwe imatambasula chisoti kukhala tizidutswa ta manambala, iwo n'kusindikiza, kudula ndi kumata. Makina osindikizira ndilibe, koma mfundo yake ndi yomweyo: yambani ndi pepala. Kulungani nyuzipepala pamutu wa wodzavalayo, muidule magawo 6 ngati a lalanje, kenaka muwajambule pakatoni. Katoni imapindika motsata mizere yake ya m'kati. Mukaikakamiza chopingasa imathyoka.

Mdani weniweni ndi thukuta. Kutentha kwa ku Nsanje mukukudziwa: chovala cha pachifuwa chimafewa ngati buledi wa mu tiyi, Ambuye Yesu asanagwe n'kachiwiri komwe. Chaka chino ndamata pulasitiki m'kati mwake.

Mukamaliza, zipachikeni pachingwe. Mphemvu zimalikonda phala la chinangwa, ndipo usiku umodzi zimakwanitsa kuboola chishango.