Tengani anzanu akale mukakwere boti ku Siavonga

Ambiri a ife tili m'gulu la pa WhatsApp la anzathu a kusukulu. Limakhala zii miyezi itatu, kenako limadzuka pakagwa maliro kapena wina akafuna zopereka za ukwati. Tikati tikumane, timasankha bala ya ku Kabwata kapena ku Chilenje, kumene nyimbo zimasokosa mpaka kufunsana za moyo kumakanika. Pakatha maola awiri, uyu wathamangira kwina, uyo ali pa foni. Ine ndikuti kamodzi pachaka gulu lotere lizilawira m'mamawa kupita ku Siavonga, likalipire boti, likakhale tsiku lonse pa nyanja ya Kariba.

Si kutali. Kuchoka mu Lusaka ndi makilomita pafupifupi 200: mudutsa Kafue, mutsika mapiri a msewu wa ku Chirundu, ndiye mukhotera kumanja musanafike pa boda. Mukanyamuka 5 koloko, kadzutsa mukadyera m'mbali mwa madzi.

Ubwino wa boti ndi woti ilibe khomo lothawira. Woyendetsa akazimitsa injini pakati pa nyanja, mumatsala ndi kamphepo ndi nkhope za anzanu basi. Ola loyamba limapita ndi nthabwala za aphunzitsi akale. Ola lachitatu ndi pamene mnzanu uja amaulula kuti ntchito inatha mu Januwale, kapena kuti amayi ake akudwala ndipo zonse zili pamutu pake. Nkhani zotere zimafuna nthawi ndi bata, ndipo mu bala simungazimve.

Nyanjayo nayo imakupatsani zokamba. Khoma la damu linatha kumangidwa mu 1959, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Gwembe. Midzi ndi manda awo zili pansi pa madzi amene mukuyandamapowo. Kapenta amene tinakulira anabwera naye kuno kuchokera ku nyanja ya Tanganyika m'ma 1960. Ndipo aliyense amene anagona mumdima mu 2024, madzi atachepa chifukwa cha chilala, ayenera kuiona ndi maso ake nyanja imene imalamulira malaiti a m'nyumba mwake.

Wina anena kuti izi ndi za anthu a ndalama. Zoona, mafuta, boti ndi chakudya sizotsika mtengo. Koma chilimba timachidziwa tonse. Anthu khumi akamaponya kangachepe mwezi ndi mwezi, pakutha miyezi isanu ndi umodzi ulendo watheka. Nsima ndi nkhuku mungaphike kunyumba. Ndipo mnzanu amene sali pa ntchito mumulipirire mwakachetechete, osalengeza m'gulu. Ulendo wa okhawo olandira malipiro umangokulitsa mpata umene ulipo kale pakati panu, ndipo wotsalayo ndi amene amafunika kwambiri tsiku limeneli.

Musanakwere, werengani majekete oyandamitsa, aliyense akhale ndi yake. Woyendetsa asalawe mowa. Musasambe, ngakhale dzuwa liwotche bwanji, chifukwa m'Kariba muli ng'ona ndi mvuu. Mphepo ikayamba kudzutsa mafunde, mverani woyendetsa akati tibwerere. Sipika yaikulu isiyeni m'galimoto.

"Tidzakumana" takhala tikunena zaka zambiri. Lembani deti m'gulu lija lero, ndipo musankhe msungichuma.