Nyimbo ya kwaya musaijambule, itayipeni

Masiku ano kwaya yopanda gulu la WhatsApp ndi yosowa. Ku Neno n'chimodzimodzi. Kaya ndi ku Matandani, ku Ligowe kapena pa Zalewa, mphunzitsi wa kwaya akapeza nyimbo yatsopano amangojambula pepala ndi foni n'kuponya pagulupo. Kwa amene amaona, zatheka. Koma mnzathu wosaona, amene foni yake imamuwerengera zolemba mokweza kudzera pa TalkBack kapena VoiceOver, amangouzidwa kuti pabwera chithunzi. Soprano ikuyambira pati, bass ilowa nthawi yanji, zii.

Mwina muti, aa, osaona amaimba ndi khutu. N'zoona. Allan Namoko wa ku Thyolo anavinitsa dziko ndi banjo yake pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band mpaka pomwe anamwalira mu 1995, ndipo pepala silinamusowetse mtendere. Koma kupeka nyimbo ya mawu anayi ndi ntchito ina. Wopeka amafuna kuilemba lero, kuikonza mawa, kuitumiza ku kwaya ya ku Dambe imene sanakumanepo nayo, ndiponso kukhala ndi umboni m'manja akapita kukailembetsa ku COSOMA. Nyimbo yongoyenda pakamwa, ikadutsa makwaya atatu tenor yasintha kale, dzina la mwini wake nalo latayika.

Njira yolembera ilipo kuyambira kalekale. Louis Braille mwini wake ankaimba limba m'tchalitchi ku Paris, ndipo buku lake la mu 1829 linali kale ndi zizindikiro za nyimbo. Vuto n'lakuti kwaya ya anthu oona siwerenga timadontho. Pafunika chinthu choima pakati, ndipo chinthucho ndi kompyuta.

Apa ndiye panali pothina. Screen reader imawerenga mawu, pamene manotsi a pa mizere isanu ija ndi chojambula. Kwa zaka zambiri wosaona wofuna kupeka ankadalira mapulogalamu apadera ngati Lime Aloud ndi GOODFEEL a kampani ya Dancing Dots ya ku America, komanso JAWS yomuwerengera, zonse zogula ndi madola. Mwana wa mlimi wa mbatatesi angayambire pati?

Zinthu zasinthako. NVDA, screen reader imene anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, anapanga, ndi yaulere. MuseScore, pulogalamu yolembera nyimbo, nayonso ndi yaulere, ndipo ziwirizi zimamvana. Mbewa sifunika. Ukadina 5 wasankha kutalika kwa kugunda kumodzi, ukadina zilembo A mpaka G walemba liwu lenilenilo, NVDA n'kukuuza chimene walemba ndi pamene uli m'nyimbomo. Ukamaliza umaimvera yonse, n'kusindikiza pepala loti oona awerenge. MuseScore 4 inatuluka mu Disembala 2022, ndipo mu 2023 anawonjezera malo oonetsa nyimboyo m'zilembo za Braille.

Musathamangire kuwomba m'manja. Kupeka pa MuseScore kumafuna laputopu, foni siikwana. Laputopu imafuna magetsi, ndipo ngakhale Nkula ndi Tedzani zili pomwepa pa Shire, midzi yambiri ya Neno imatchajitsabe foni pamsika. Chachikulu koposa, pulogalamuyi inamangidwa pa manotsi a mizere isanu, pamene makwaya athu ambiri anakulira sol-fa.

Komatu mwayi wathu uli pomwepo, ndipo ndimadabwa kuti sitiuona. Sol-fa, imene John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1840 ndipo amishoni anabwera nayo kuno, ndi zilembo wamba: d r m f s l t. Nthawi yake imalembedwa ndi zizindikiro zimene zili pa kiyibodi ya foni iliyonse. Timadontho tiwiri timalekanitsa kugunda, kadontho kamodzi kamagawa kugunda pakati, kamzere kogona kamatalikitsa liwu, mzere woima umatseka gawo. Zonsezi screen reader imatha kuwerenga. Wosaona nayenso angathe kuzitayipa yekha, pa foni yomweyo, popanda dola ngakhale imodzi. Ife oona ndi amene timazisandutsa chithunzi chifukwa cha ulesi wa mphindi khumi.

Pali tinthu tofunika kusamala. Screen reader imakonda kudumpha zizindikiro, choncho woigwiritsa ntchito aitchere kuti izitchula zonse, kapena aziyenda chilembo chimodzichimodzi. Wotayipa asaunjike mawu anayi pamwamba ndi pansi ngati papepala, chifukwa foni imawerenga mzere umodzi pa nthawi. Soprano ikhale uthenga wakewake, alto wakewake, kiyi ya nyimbo ilembedwe poyambirira. Kwaya igwirizanenso chizindikiro cha liwu lokwera ndi lotsika, chifukwa timanambala tating'ono ta m'mabuku tija timavuta pafoni. Mawu a nyimboyo muwatumizenso pa voice note. Liwu lachingerezi la m'foni likamawerenga Chichewa, "ng'ombe" imatuluka ngati nyama ina.

Aphunzitsi a ana osaona amene amaphunzira ku Montfort, ku Nguludi, atati aziphunzitsako MuseScore ndi NVDA, tikhoza kupeza opeka nyimbo amene pano sitikuwadziwa. Izo zimafuna ndalama ndi nthawi. Kutayipa nyimbo ya Sabata kapena Lamulungu likudzali kumangofuna mlembi wa kwaya ndi bandulo ya tsiku limodzi.