Nyama yotsala pa Khrisimasi ipite kunyumba, osati pa chiwaya

Khrisimasi ikatha, ogulitsa kanyenya pa Kampepuza, pa Lizulu ndi pa Tsangano amatsala ndi nyama ya nkhumba yosagulika. Ena amaibwezera pa chiwaya mawa lake, mkucha wakenso. Amalonda anzanga, kumeneko n'kudzithamangitsira makasitomala. Munthu akatsegula m'mimba kamodzi sabweranso, ndipo amauza minibasi yonse.

Nyama yotsala ili ndi ntchito kunyumba. Tsiku lomwelo, isanayambe fungo, ilezeni mopyapyala, ithireni mchere wokwanira, muiwambe pamoto pang'onopang'ono mpaka iume. Mafuta ake asungunuleni, muwasunge m'botolo lotseka bwino. Tizidutswa tochepa mumphika wa nyemba kapena wa kabichi timakometsa ndiwo za banja lonse, ndipo mafutawo mukazingira kachewere osapita kugolosale.

Januwale ndi mwezi wa fizi ndi feteleza wobereketsa. Ndalama ya ndiwo imene mwapulumutsa ithandize kumeneko. Koma nyama ikayamba kuterera kapena kununkha, ikwirireni basi, mchere sungaikonzenso. Pa Chaka Chatsopano pikulani mocheperako, poti matumba a anthu amakhala atapepuka kale. Kuli bwino nyama ikuthereni masana kusiyana n'kugona nayo.