Mlendo ndi mame, mwana afuna banja

Anthu a ku Romania atagwetsa Nicolae Ceaușescu mu December 1989, atolankhani analowa m'nyumba zomwe boma linkasungiramo ana. Zomwe anaona zinaliza anthu pa dziko lonse. Ana oposa 100,000 anali m'nyumbazo, ena atawamangirira pa bedi, ena akungodzigwedeza tsiku lonse poti panalibe wowanyamula. Zikwi za anawo zinali ndi kachilombo ka HIV chifukwa cha magazi osayezedwa ndi majakisoni osawiritsa. Pofika 1990 malole a zovala ndi mankhwala anali pamsewu kuchokera ku Britain ndi ku Germany, ndipo anthu odzipereka ankasiya ntchito zawo kupita kukalera anawo kwaulere.

Anthu amenewa ndi oyenera kuwathokoza. Koma nkhani ya ku Romania ili ndi phunziro lomwe ambiri ofuna kuthandiza ana amasiye a maiko ena safuna kulimva mpaka lero. Ochuluka mwa ana aja sanali amasiye konse. Makolo awo anali moyo. M'chaka cha 1966 Ceaușescu anakhazikitsa lamulo nambala 770 loletsa kuchotsa mimba pofuna kuti anthu achuluke, ndipo njira zakulera zinasowa. M'zaka za m'ma 1980 anayamba kugulitsa chakudya kunja kuti abweze ngongole za boma, anthu nkumagona ndi njala. Mayi wa ana asanu wopanda chowadyetsa ankakasiya wachisanu ndi chimodzi m'manja mwa boma. Chomwe chinadzaza nyumba zija ndi umphawi komanso ulamuliro wa munthu mmodzi wosafunsidwa.

Kuyambira m'chaka cha 2000, akatswiri atatu a ku America, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anatsatira ana 136 a m'nyumba zotere ku Bucharest. Theka la anawo linapatsidwa mabanja oti awalere, enawo anatsala. Omwe anapita m'mabanja anakula bwinopo m'nzeru, m'chilankhulo ndi pa kukhulupirira anthu, makamaka amene anachotsedwa asanakwane zaka ziwiri. Izi agogo athu anazidziwa kale. Mwana afuna nkhope imodzi yomwe adzaiona mawa ndi mkuja. Nanga mlendo wobwera masabata awiri, kumunyamula, kumujambula, kenaka nkukwera ndege, akumuphunzitsa chiyani? Akumuphunzitsa kuti aliyense womukonda amachoka. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Choipitsitsa nchakuti pomwe pali ndalama za alendo, nyumba za ana amasiye zimamera ngati bowa. Ku Cambodia nyumbazi zinachuluka kuchoka pa 154 m'chaka cha 2005 kufika pa 269 m'chaka cha 2010, pomwe ana atatu mwa anayi alionse m'menemo anali ndi kholo lamoyo. Eni nyumba ena ankapita kumidzi kukanyengerera makolo osauka kuti mwana akaphunzira sukulu, koma mwanayo nkumakavinira alendo kuti apereke ndalama. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ku Haiti, chivomerezi cha mu January 2010 chitangochitika, anthu khumi a mpingo wina wa ku America anagwidwa pa malire ali ndi ana 33 opanda zikalata, ndipo kunapezeka kuti ambiri mwa anawo anali ndi makolo. M'chaka cha 2018 dziko la Australia linavomereza kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba zotere pofuna kupezerapo ndalama ndi mtundu wa ukapolo wamakono.

Ena anena kuti tikunyoza anthu achifundo, komanso kuti alipo ana opandiratu wachibale ndi ena ozunzidwa pakhomo. Nzoona, ndipo ana otere ayenera kukhala ndi pothawira. Koma pakhale pongodutsira, kwinaku akuwafunira banja. Romania yomweyo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2004 loletsa kuika ana osakwana zaka ziwiri m'nyumba zotere, kupatula olumala kwambiri. Ngati dziko lomwe linaona zoopsa zija linasintha maganizo, ifeyo tikudikira chiyani?

Njira ina ilipo, ndipo kuno kwathu tikuidziwa. Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland anayamba ntchito yachifundo m'chaka cha 1992 ponyamula katundu kupita ku Bosnia pa nthawi ya nkhondo, kenaka anathandizanso ana a ku Romania. M'chaka cha 2002 bungwe lake linayamba kupereka phala kwa ana 200 kuno ku Malawi pa dzina la Mary's Meals, ndipo pofika 2021 linkadyetsa ana 2 miliyoni pa tsiku m'maiko osiyanasiyana. Ophika phalalo ndi amayi ndi abambo a m'mudzi momwemo. Mwana amadya kusukulu, madzulo nkubwerera kwa agogo ake kapena kwa azakhali ake. Palibe amene wamuchotsa pa mtundu wake.

Inu abale amene munakhalako kunja, ndinu amene mumalandira makalata kuchokera kwa anzanu a ku London ndi ku Toronto ofuna kubwera kudzathandiza ana amasiye. Musawabweze, koma afunseni mafunso. Kodi anawo abale awo ali kuti? Mwa ndalama zomwe mwasonkha, zingati zigulire tikiti ya ndege, zingati zifike kwa mwana? Kodi kwanuko angalole munthu wosadziwika mbiri yake kulowa m'chipinda cha ana? Wofunadi kuthandiza sangakwiye ndi mafunso amenewa. Muuzeni kuti ndalama ya tikitiyo ikhoza kulipira fizi, kugula feteleza ndi kufolera nyumba ya gogo amene akulera zidzukulu zisanu payekha.