Asakanizeni, Koma Mawu a Agogo Asiyeni

Chakumapeto kwa chaka cha 2021 kunalibe kothawira nyimbo ya Linny Hoo. Pa Namitete, pa Nsaru, ngakhale pa Kabudula, inkalira m'maminibasi ndi m'nyumba zometera mpaka ana osadziwa kupenga mamina anailoweza. Mwini wake ndi agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, ndipo anaiyimbira mwana wawo wamkazi.

Anzanga ambiri amati ndi nyimbo yachisangalalo basi. Ine ndikukana. Gitala wake amavinitsa, inde, koma tamvetserani bwino mawu a nkhalambayo: ndi osasa, onjenjemera, a munthu amene wayimba m'misewu ndi m'mabala zaka zambirimbiri napita kwawo ndi tindalama tochepa. Miyendo imafuna kuvina pamene mtima ukumva chisoni. Zili ngati malambe: kutsekemera kwake kumamveka chifukwa cha kuwawasa komwe kuli momwemo.

Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogowa naimba nawo nyimbo zawo zakale m'chamba cha reggae. Apa ndipo pamene Linny Hoo inabadwanso, kenaka inafalikira pa TikTok, kumene pofika Januwale 2022 inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Chimene ndimamuyamikira Namadingo ndi ulemu wake. Sanawaphimbe agogowo. Anachedwetsa ng'oma, nawasiya kuti atsogole, iye nkumathira mang'ombe pambuyo monga mdzukulu woleredwa bwino.

Tsono panabweranso ena ndi makompyuta awo. Anaithamangitsa nyimboyo, naithira ng'oma zamphamvu zogwedeza mazenera, nadula mawu a agogo n'kutsala kachidutswa kongobwerezabwereza. Kuvinika imavinika ndithu, sindikutsutsa, ndipo paukwati palibe amene angakhale pampando. Koma malambe aja awathira shuga wambiri ndipo asanduka madzi otsekemera wamba. Ukamva zoterezi sungadziwe kuti woyimbayo ndi munthu wa zaka zoposa 90, kapena kuti pali bambo amene akulankhula ndi mwana wake.

Ena adzati popanda kusakanizako achinyamata a kunja sakadawadziwa agogo Giddes. N'zoona. Koma amene anangomva zothamangazo anadziwa dzina chabe. Inu amene muli nazo zonse ziwiri pa foni ya kunyumba, tchuthi chikubwerachi mudzaziyike motsatizana, yoyamba ikhale ya agogo ndi gitala wawo yekha.