Mawu a Mkonzi: Mgodi wa Kayelekera ndi phala la mwana

Msewu wochokera ku Karonga kupita ku Chitipa umadutsa pafupi ndi Kayelekera, pomwe kampani ya Paladin idayamba kukumba miyala ya uranium mu 2009. Mgodiwo udaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo chaka cha 2025 eni ake atsopano, a Lotus Resources, adautsegulanso. Ndalama ziyambanso kuyenda m'midzi yozungulira. Nanga phala la mwana wa miyezi 9 wa m'midzimo lisintha?

Karonga si dera losowa chakudya. Kuli mpunga wa Kilombero, nthochi, chinangwa, ndipo usipa wa m'nyanja umadzaza m'misika. Komabe kafukufuku wa boma la Malawi wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti m'dziko lonselo ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi okwinimbira, ndipo 8 okha mwa 100 a miyezi 6 mpaka 23 ndiwo amadya zoyenera msinkhu wawo. Kuno ku Zambia, mu 2018, okwinimbira adali 35 mwa 100.

Chikuwalanda ana msinkhu chili m'kambale kawo. Phala la ufa woyera, lamadzimadzi, loti ukapendeka supuni limangotsika lokha, lothira kamchere basi. Kamimba ka mwana n'kakang'ono; kakadzaza ndi madzi, mwana amagona ngati wakhuta, pomwe thupi silidapeze chomangira. Ufa wa chinangwa wa kondowole ndiye umachita kuperewera kwambiri zomanga thupi. Usipa wosinja, nsinjiro, dzira kapena masamba ofinya zikadalowamo, nkhani ikadakhala ina.

Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, lomwe lili moyandikana ndi Lundazi, ofufuza adaona kuti makanda amamwetsedwa mankhwala achikuda otchedwa dawale ndi mzuwula asanakwane miyezi 6, nthawi yomwe bere lokha limakwanira. Olamula zimenezi adali agogo, makamaka apongozi a mayi, ndipo amachita mwachikondi. N'chifukwa chake ntchito yolimbikitsa kadyedwe kabwino ka ana yomwe idayamba kumeneko mu 2000 sidangolangiza amayi kusikelo ayi. Idagawa mbewu za nandolo, soya ndi mtedza, n'kusonkhanitsa agogo ndi abambo pamasiku ophikira limodzi. M'midzi yomwe idagwiritsitsa ntchitoyo, ana adayamba kukula bwino.

Chigawo chino cha Kum'mawa chimatchuka ndi nshawa. Matumba amakwezedwa m'malole ku Chipata, Katete ndi Petauke, mwana wa mlimi n'kutsala ndi phala lopanda nsinjiro. Zimenezi n'zopweteka mtima, chifukwa chiponde chomwe amapatsa ana onyentchera m'zipatala chimapangidwa ndi nshawa zomwezo.

Eni mgodi ndi khonsolo ya Karonga aike ndalama zachitukuko pa masikelo oyendera m'midzi ndi pa mbewu zamtundu wa nyemba. Kuno, mafumu ndi alangizi a zaumoyo aitanire abambo ndi agogo kusikelo, ndipo banja lililonse lipatule thumba la nshawa la ana ogula asanafike pakhomo.