Fulashi yotchipa inatidyera vidiyo ya agogo

Pa ukwati wa mlongo wanga chaka chatha, ntchito yosunga zithunzi ndi mavidiyo inagwera ine. Foni inali itadzaza, ndiye ndinathamangira m'tauni kukagula fulashi. Mnyamata wina wogulitsa pakhonde la sitolo anandionetsa ya 128GB, mtengo wake wotsika kuposa ya 32GB ya m'sitolo momwemo. Mumtimamu ndinati lero ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Ndinakopera zonse, kompyuta n'kuonetsa kuti zatheka, ine n'kufufuta za m'foni. Patatha miyezi inayi agogo anatisiya. Tsiku lina amayi anati, "Mwanawe, tatiikira vidiyo ija agogo ako ankavina pa ukwati." Mayina a mafayilo onse analipo, koma ambiri anakana kutseguka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mnzanga wokonza makompyuta ndi amene anandimasulira. Fulashi yachinyengo imakhala ndi malo ochepa, mwina 8GB basi, koma anaichuna kuti izinamiza kompyuta kuti ndi yaikulu. Malo enieniwo akadzaza, imapitiriza kulandira mafayilo ngati zonse zili bwino, pamene zinthu zanu zikungotayika.

Ndiye musanatulutse ndalama, abale anga, taonani izi.

Choyamba, gulani pamalo opereka lisiti. Mayina ngati SanDisk, Kingston ndi Samsung ndi odalirika, koma achinyengo amaberanso mayina omwewo. Mukafika nayo kunyumba, iyeseni isanalowe kanthu. Pulogalamu yaulere ya H2testw, ya pa Windows, imadzaza fulashi yonse kenaka n'kuwerenga zomwe yalembazo, ndipo bodza limaonekera pomwepo. Zimatenga nthawi, koma pirirani. Komanso musadabwe fulashi ya 64GB ikaonetsa cha m'ma 58GB. Apo sanakubereni, kungoti opanga ndi kompyuta amawerengera mosiyana.

Chachiwiri, yang'anani polowetsera tchaja pa foni yanu. Mafoni ambiri atsopano ndi a USB-C, kuphatikizapo iPhone kuyambira pa 15, pamene akale a Android ndi a micro-USB. Pali mafulashi a mitu iwiri, wina wa foni wina wa laputopu. Bola foni yanu ikhale yolola OTG, mumasamutsa mavidiyo osawononga bandulo.

Chachitatu ndi liwiro. USB 3.0 imathamanga kwambiri kuposa USB 2.0, ndipo kawirikawiri kamwa lake m'kati limakhala la buluu. Paketi ikalembedwa kuti 3.1 Gen 1 kapena 3.2 Gen 1, ndi 3.0 yomweyo, angoisintha dzina, ndiye asakukwezereni mtengo pachabe.

Chachinayi, fulashi ikakana vidiyo yaikulu pamene malo alipo, sikuti yafa ayi. Ngati ili pa FAT32, siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB. Ifomateni kukhala exFAT, koma muyambe mwachotsamo zanu chifukwa kufomata kumasesa zonse. Dziwaninso kuti mawailesi ena a m'galimoto ndi ma TV akale amangowerenga FAT32.

Ine pano ndili ndi mafulashi awiri. Yaing'ono ndi yoyenda nayo kosindikiza CV ndi kobena nyimbo, komwe mavairasi osandutsa mafoda kukhala ma shortcut amachuluka. Inayo, ya zithunzi za banja, siituluka m'nyumba, ndipo sindiizula ndisanadine eject. Zofunika kwambiri ndimaziikanso pa Google Drive, pomwe akaunti iliyonse ili ndi 15GB yaulere. Chinthu chomwe chili pamalo amodzi okha sichinasungidwe, ndipo musamafufute za m'foni musanatsegule zomwe mwakoperazo n'kuziona ndi maso.

Nanga vidiyo ija? Msuweni wanga anapeza kachidutswa pa WhatsApp, ka masekondi 40, kosaoneka bwino n'komwe. Agogo akuoneka chapatali, mpango uli m'manja, akuseka. Amayi amakaonera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi. Kukhala chete kwawoko ndi komwe kumandiwawa kuposa ndalama ndinataya ija.